Chitsulo cha Pakasupe

"Mwafukula, bambo a Nélia? Ndi manja anu omwewa mwafukula?"

Ernestina adaima pabwalo la nyumba atanyamula chinthu chokulunga m'chisaka. Adachipeza kuseri kwa thumba la nyemba pamene ankati atape za ndiwo. Chidali chitsulo chotalika ngati chitsononkho chachikulu, chofiira ndi dzimbiri, ndipo dothi lakudimba lidali likadali lonyowa m'mabowo ake.

Mwamuna wake, Felizardo, adali atakhala pachitsa kuwothera dzuwa, pakuti chisanu cha ku Tsangano sichiseka ndi munthu. Sadadzuke n'komwe.

"Tsitsani mawu, amake Nélia. Mukufuna anthu onse a kuno ku Ntengo-Wambalame amve?"

"Amve! Aleke kumva chifukwa chiyani? Ndafunsa, mwafukula ndinu?"

"Eya, ndine. Nanga ndaba? Chitsulo chimenecho ndi chuma, inu simudziwa. Kuli bambo wina wa ku Furancungo, a Julião, amagula zitsulo za mfuti zakale. Akuti m'zitsulo za nthawi ya Apwitikizi muli merikuriyo wofiira, ndipo azungu akumusaka ngati mankhwala. Ndangofukula kuti achione, atiuze mtengo wake. Kuona si kugula."

"Mtengo wake ndikuudziwa kale ine. Mtengo wake ndi dimba lonse lija pamodzi ndi kasupe wake."

Sadaname mayiyo. Chitsulocho chidali cha pakati pa mfuti ya malemu bambo ake, amene adali mlenje, paja pamakhala chokhethemulira. Chaka chothawa nkhondo, kupezeka ndi mfuti kudali kudziitanira imfa, kaya abwere ndi a mbali iti. Choncho mkuluyo adatentha thabwa lake, mpope adauponya mumtsinje, koma chapakatichi adachikwirira kumtunda kwa kasupe, pamalire a dimba lake, n'kuthawira ku Malawi. Pobwerera adapeza thengo lokhalokha, mitengo yamalire itatha. Akuluakulu adakumba, n'kuchipeza, n'kunena kuti malire ndi pomwepo. Adachikwiriranso, ndipo kuyambira tsiku limenelo malowo amatchedwa Pachitsulo.

Tsono kudali Silvestre, mwini munda wakumtunda, munthu wa kamiyau ziwiri, malole onyamula mbatatesi, ndi pampu yamadzi yolira ngati ndege. Iyeyu adadzuka tsiku lina n'kunena kuti kasupeyo ndi wake. Mlandu udali utalowa kale ku tiribunali, bwalo la milandu la m'dera, ndipo padatsala masabata atatu kuti oweruza abwere kudzaona malire ndi maso awo.

"Mwaiwala zimene ndidalumbira pamaso pa amayi Gertrudes, mkulu wa tiribunali?" adatero Ernestina. "Ndidati pamene pali chitsulo ndi pamene pali malire. A Silvestre adavomera, ine ndidadinda chala papepala. Lero inu mukuchotsa mboni yanga pansi n'kuibisa m'nyemba!"

"Masabata atatu ndi ambiri. Tichibweza."

"Kabwezeni tsopano lino."

"A Julião akubwera mawa. Tamverani, amake Nélia. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala pano pachikamwini. Dimba ndi la eni, chimanga ndi cha eni, ngakhale tambala wolira pabwalo pano ndi wa eni. Lero mwayi wagogoda kamodzi kokha, inu mukuti nditseke chitseko?"

"Dimba la eni lomwe lakudyetsani mpaka mimba kutuluka? Lomwe laphunzitsa mwana wathu Nélia mpaka kukwatiwa? Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, bambo."

"Vuto lanu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe."

Ernestina adafuna kungotenga khasu n'kutsika kudimba nthawi yomweyo. Koma adaganiza kuti munthu wodwala malungo a ndalama sachira ndi mawu. Adati mumtima, abwere mlendoyo, aseke dzimbiri limeneli, mwamuna achite manyazi, nkhani ithe. Apa ndi pamene adayamba kulakwa.

M'mawa mwake, dzuwa litangoyamba kufunda, njinga yamoto idaima pabwalo. Julião adali bambo wamfupi, wa jekete lachikopa ndi nsapato zosongoka zimene sizidapondepo mzere wa munda. Adapereka moni wa bom dia wa mano onse, n'kukhala pampando wokhawo wa m'nyumbamo. Adayala nsalu yoyera pansi, n'kutulutsa m'chikwama tupa, ndimu, maginito ndi kagalasi kokulitsa zinthu. Ukadamuona ukadati ndi dotolo wabwera kudzang'amba munthu.

Adachitembenuza chitsulocho kawiri katatu, n'kuchinunkhiza. Adafinyira ndimu pamwamba pake, n'kupala ndi tupa pang'onopang'ono mpaka padawala malo aang'ono ngati chikhadabo. Pamenepo padatulukira kachisoti kachifumu ndi manambala.

"Epa!" adafuula Julião. "Mwaona ichi, a Felizardo? Chisoti cha mfumu ya Apwitikizi! Iyi si mfuti ya nkhondo yathu ya dzulodzuloyi ayi. Iyi idabwera pasitima agogo athu asadabadwe."

Felizardo adagwada pambali, maso ali tong'o, pakamwa pali yasa. Julião adayandikiza maginito, ndipo adamata.

"Chagwira! Mwaona mphamvu yake?"

"Ndi khasu langa lomwe limagwira maginito," adatero Ernestina, amene adakhala pamphasa chapatali, manja atapinda.

Mlendoyo adachita ngati sadamve. Adatulutsa telefoni yake, n'kuigunditsa pachitsulo, n'kuonetsa Felizardo.

"Tsopano mayeso enieni. Onani apa, rede, netiweki ija, yathawa. Merikuriyo amameza rede. Chinthuchi chili ndi kanthu m'kati."

"Pabwalo pano rede siidafikepo chibadwire changa," adatero Ernestina. "Tikafuna kuimbira Nélia timakwera pachulu icho."

"Amake Nélia, musandichititse manyazi pamaso pa alendo!"

Julião adaseka n'kupukuta manja pansalu yake.

"Alekeni, mayi wochenjera ndi chuma cha nyumba. Tsono tikambe za mtengo. Chikadakhala ndi mpope wake ndi thabwa lake, ndikadati cem mil, zikwi zana limodzi, osaphethira. Koma onani, dzimbiri ladya mbali iyi mpaka kuboola, chokhethemulira chidauma, tam'kati tonse tidafa. Chatsala ndi chisoti chokhachi. Chifukwa cha chimenechi, quinze mil."

Felizardo adagwira pachifuwa. Quinze mil, ndalama za metikashi zikwi khumi ndi zisanu! Mbuzi zisanu, pa kanthu koti ukakapeza panjira ungakakankhe ndi phazi.

"Anyamata ogula zitsulo zakutha amabwera kuno ndi sikelo yawo," adatero Ernestina. "Ichi sichingakwane ndi kilo yomwe, ndipo kilo amagula ndalama yosakwana mabuledi awiri. Inu mukuti quinze mil. Akugulayo ndani?"

"Bwana wanga ali ku Tete, mzungu."

"Dzina lake?"

"Azungu a malonda awa satchulidwa maina, mayi." Atatero adatembenukira kwa Felizardo. "Kodi mudachifukula pati penipeni? Alipo wina akudziwa kuti chatuluka pansi?"

Funso limeneli ndi limene lidabaya Ernestina. Wogula mbuzi amafunsa za mano ndi kunenepa, safunsa kuti khola latsala bwanji. Adadzuka, n'kutsomphola chitsulocho pansalu yoyerayo.

"Sitigulitsa."

"Vinte mil, mayi, zikwi makumi awiri."

"Ngakhale mubwere ndi ndalama zodzaza dengu. Bambo a Nélia, tsegulani maso. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

Julião adalongedza zida zake mosathamanga. Atakwera njinga yake adakodola Felizardo, n'kumuuza chapansipansi, koma osati pansi moti Ernestina asamve: "Mukudziwa kondipeza, kuseri kwa msika wa Furancungo. Koma pakamwa potseka. Kugulitsa chida cha mfuti ndi mlandu wa polisi. Wogula ndi wogulitsa onse amalowa m'ndende."

Masana omwewo Ernestina adatsika kudimba yekha. Adachikwirira chitsulocho m'dzenje lake lomwelo, kumtunda kwa kasupe, n'kupondaponda dothi, n'kugubuduzira mwala pamwamba. Adaima pang'ono kuyang'ana mbatatesi zake zobiriwira, kabichi, mpiru, ndi madzi akutsetsereka m'ngalande imene bambo ake adakumba. Dimba limenelo ndi limene linkawadyetsa chilimwe chonse, pamene minda yakumtunda ili fumbi lokhalokha. Adabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Masiku anayi Felizardo adali mwanawankhosa. Adawaza nkhuni, adakonza khola la nkhumba, za Julião osazitchulanso. Lamulungu m'mawa adati walandira uthenga woti amayi ake akudwala kwawo ku Macanga, ndipo ayenera kukwera shapa, minibasi yakuno, kukawaona. Ernestina adamupatsa nyemba ndi ufa kuti akawapatse apongozi, n'kupita kutchalitchi. Anthu inu, munthu kumulongedzera kamba wakuba wako yemwe!

Felizardo adabwerako Lachitatu masana pa ngolo ya ng'ombe yaganyu, atakhala pamwamba pa matumba anayi a feteleza, adubu uja, ngati mfumu. M'manja adanyamula chitenje chatsopano cha maluwa achikasu. Ernestina atangoona matumbawo sadafunse za odwala. Adathamangira kudimba, n'kupeza mwala uli pambali, dzenje lili kukamwa.

Pobwera adapeza mwamuna akusanja matumba pakhonde, akuimba mluzu.

"Apongozi ali bwanji?" adafunsa, mawu ali ziii.

"Akupezako bwino."

"Apezadi bwino, poti mankhwala ake mudakumba m'dimba mwanga. Mwagulitsa?"

"Vinte mil, amake Nélia, m'manja! Onani, sindidamwere ngakhale kobiri. Adubu uyu ndi wa mbatatesi zanu zomwe. Chaka chino tikolola ngati a Silvestre. Chitenje ichi n'chanu."

"Chitenje! Mukandiike nacho m'manda chimenecho! Mwagula adubu wothira m'dimba liti? Tsiku la mlandu ndikawaonetsa chiyani oweruza?"

"Aliyense akudziwa Pachitsulo. Dzenje lilipo, mwala ulipo. Chitsulo n'chosowa, dzimbiri limadya zinthu, ndani angadabwe? Tidzati chidaola."

"Chitsulo chimaola?"

"Nanga mukufuna nditani? Madzi akatayika saoleka."

"Ndikufuna mukwere shapa mawa, mukabweze ndalama za eni, mubwere nacho."

"Ndalama zake ziti? Si izi zasanduka matumba? Ndipo a Julião adati chikupita ku Tete tsiku lomwelo. Pano mwina chili m'ndege."

Ernestina adakhala pansi pafumbi. Adalira, ndipo sikudali kulira kwa chisoni ayi, kudali kwa mkwiyo wopanda poutula.

"Ndipita kwa amayi Gertrudes," adatero atapukuta nkhope. "Ndikawauza zonse lero lomwe, mlandu usadafike."

Apa Felizardo mluzu udamuthera. Adagwada pamaso pa mkazi wake, bambo wa imvi zake, n'kumugwira mapazi.

"Mukandipereka kwa apolisi? Mudamva zimene adanena a Julião. Ine m'ndende, pa msinkhu uno? Nélia akamva kuti amake adamangitsa bambo ake adzati chiyani? Akumpingo adzati chiyani? Ndalakwa, eya, koma ndalakwa pofuna kutukula nyumba ino. Banja ndi kubisirana, amake Nélia."

Mawu amenewa ndi amene adamanga Ernestina miyendo. Kuyambira kuchinamwali mpaka kuchilangizo cha ukwati adamuimbira nyimbo imodzimodzi, kuti za m'nyumba sizituluka pakhomo, kuti mkazi wabwino amafunditsa mwamuna wake. Palibe adamuuzapo kuti ukafunditsa munthu wina iwe umagona pamphepo. Adadzitonthoza kuti oweruza akumba, sapeza kanthu, ndiye amva mboni. Mwa akuluakulu amene adaona chitsulocho chikukwiriridwa padatsala awiri. Mmodzi maso adachita khungu, wina ankagwira ganyu kwa Silvestre, komabe adali anthu opemphera. Adakhala chete masabata awiri athunthu, chakudya osachimva kukoma. Matumba a adubu adangokhala pakhonde, iye osawakhudza.

Tsiku la mlandu anthu adadzaza m'mbali mwa dimba. Amayi Gertrudes adafika ndi oweruza anzawo awiri, pepala lodinda zala lili m'manja. Adali mayi wachilungamo, mphunzitsi wopuma, koma wokhulupirira pepala kuposa nkhope ya munthu. Silvestre adabwera mochedwa, atavala malaya oyera, akupereka moni kwa aliyense ndi manja awiri. Felizardo adakhala kumbuyo kwa gulu, chipewa chitatsika mpaka m'maso.

"Pepala ili likuti pamene pali chitsulo cha mfuti ndi pamene pali malire," adatero amayi Gertrudes. "Nonse mudavomera. Amayi Ernestina, tilozereni."

Ernestina adaloza pamwala. Amuna awiri adakumba mpaka m'mawondo, kenako mpaka m'chiuno. Mudatuluka mizu ndi nyongolotsi basi.

"Chidali pomwepa," adatero Ernestina. "Aliyense pano akudziwa. Funsani akuluakulu."

Silvestre adatsokomola mwaulemu.

"Pepani, amayi oweruza. Ine sindifuna kukangana ndi mlongo wangayu, tidakulira limodzi. Koma zaka zapita zambiri, ndipo iye pothawa nkhondo adali mwana. Malemu amalume anga adandilozera malo ena. Mwina ndikulakwa, koma tayesani apo, pa chitsamba cha nsenjere icho."

Adaloza kumunsi kwa kasupe, kumunsi kwa ngalande, kumunsi kwa mizere yonse ya mbatatesi, pafupi ndi pamene dimba limathera m'miyala. Anthu adaseka, ena n'kupukusa mitu. Koma Ernestina sadaseke. Nthawi yomweyo adadziwa dzina la mzungu wa ku Tete uja.

Khasu lidagunda kanayi, kachisanu lidalira ngwee! Wokumbayo adawerama n'kutulutsa chitsulo chofiira ndi dzimbiri. Gulu lonse lidati haa!

"Bodza!" adakuwa Ernestina, akuthamangira komweko. "Ufiti wa masana uwu! Chitsulochi a Silvestre adachigula kwa mwamuna wanga, adatuma munthu wawo, Julião wa ku Furancungo. Vinte mil! Achikwirira okha pano. Taonani apa pakuwala, adapala ndi tupa pabwalo panga ine ndikuona. Chitsulo chokhala pansi zaka makumi atatu chingawale?"

Amayi Gertrudes adachilandira, n'kuchiyang'anitsitsa, nkhope itasintha.

"Pakuwaladi," adatero.

"Khasu lapala pokumba, amayi," adayankha Silvestre mofatsa. "Nonse mwamva kulira kwake. Julião ameneyo ine sindimudziwa. Ndipo ndifunse, munthu wopenga uti angapereke vinte mil pa dzimbiri ili? Talinyamulani, ndi la ndalama zingati? Ngakhale mwana sangalisinthe ndi nzimbe. Koma ngati mlongo wanga akunena zoona kuti mlamu wathu amagulitsa zida za mfuti, imeneyo si nkhani ya pano ayi. Ndi ya apolisi ku Tsangano, ndipo telefoni ndili nayo."

Taonani kuchenjera kwa anthu odya anzawo. Chinthu chimodzimodzi pabwalo la wosauka chidali cha vinte mil, pamaso pa oweruza chasanduka chosakwana nzimbe. Mtengo wake ankauika ndi iwo, m'mawa wina, masana wina, monga kwawakomera.

"Amayi Ernestina," adatero amayi Gertrudes, "ngati zidachitika masabata awiri apitawo, mudalekeranji kubwera kudzatiuza?"

Ernestina adawerama. Akadati chiyani? Kuti ankafunditsa mwamuna?

"Chabwino. A Felizardo ali pano? Bwerani kutsogolo."

Gulu lidapatuka. Felizardo adayenda ngati wanyamula thumba la mchere lonyowa, chipewa chili m'manja.

"Nkhani yonse ili pakamwa panu, bambo. Mukanena kuti mudafukula chitsulochi kumtunda uko n'kuchigulitsa, pepala ili ndiling'amba pompano, mlandu tiuyambanso, ndipo Julião ameneyo timusaka. Za apolisi sindingakulonjezeni kanthu. Tiuzeni zoona. Mudagulitsa?"

Ernestina adamuyang'ana mwamuna wake m'maso. Zaka makumi awiri ndi zisanu adamuphikira, adamuchapira, adamusamalira chaka chimene chifuwa chidatsala pang'ono kumutenga. Sadamupemphepo kanthu kolemera. Lero ankangopempha liwu limodzi.

Felizardo adayang'ana telefoni imene Silvestre ankaseweretsa m'manja. Adayang'ana pansi.

"Ine sindidziwa kanthu, amayi."

"Kwezani mawu, anthu amve."

"Ndati sindidziwa kanthu. Sindidafukule chilichonse. Mayi akunyumbawa mtima wawapweteka, n'chifukwa chake akulankhula chonchi."

"Nanga adubu ali pakhonde panu mudagula ndi chiyani?" adakuwa mayi wina m'gulumo.

"Adandipatsa ndi abale anga ku Macanga."

Anthu adang'ung'udza. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene sankadziwa Pachitsulo penipeni. Ana omwe ankadziwa. Koma mkulu wakhungu uja adati iye saona, sangaloze. Mkulu waganyu uja adati wakalamba, mutu suugwiranso. Ena onse adali ndi mbatatesi zoyembekeza kamiyau ya Silvestre kuti zifike kumsika, ndiye aliyense adapeza chochita ndi zala za kumapazi kwake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Amayi Gertrudes adanong'onezana ndi anzawo nthawi yaitali. Potembenuka sadamuyang'ane Ernestina kumaso.

"Ife timayenda ndi umboni. Pepala likuti pamene pali chitsulo. Chitsulo chapezeka apa, pamaso pa anthu onse. Malire ndi pano. Kuchokera apa kukwera kumtunda, pamodzi ndi kasupe, ndi kwa a Silvestre. Mbewu zimene zili m'nthaka amayi Ernestina akolole, zikatha achoke. Ngati sadakhutire, njira ya ku boma ku Tsangano ndi yotsegula."

Njira ya ku boma! Apite ndi mboni iti, pamene mwamuna wogona naye mphasa imodzi wamutcha wabodza pagulu?

Silvestre adayandikira, n'kuwerama pang'ono ngati wopepesa maliro.

"Musadandaule, mlongo wanga, sitidana. Ine sindiiwala anansi. Nthawi yokumba mbatatesi ndidzakuitanani ganyu, inu mumalidziwa bwino dothi limeneli."

Ernestina adalavula pansi, pafupi ndi nsapato zake. Silvestre adangomwetulira n'kupita kukalozera anyamata ake pokhoma zikhomo. Wopusa adaomba ng'oma, wochenjera navina.

Anthu adabalalika awiriawiri, akulankhula motsitsa. Ernestina adatsala ataima pamiyala imene tsopano idali dimba lake lonse, malo osakwana kuyala mphasa zitatu. Adamva mapazi kumbuyo, ndipo sadacheuke.

"Amake Nélia."

Ernestina adangoyang'anabe miyala ija.

"Amake Nélia, ndikadatani? Mudamuona ndi telefoni m'manja. Akadandimanga lero lomwe. Inu mukadakonda kuti ndikalowe m'ndende?"

Ernestina adatembenuka. Misozi idali itauma, ndipo adalankhula mosakweza mawu.

"Eya."

Felizardo adabwerera m'mbuyo ngati wamenyedwa khofi.

"Eya, bambo a Nélia, ndikadakonda. Mukadalowa, kaya mwezi kaya chaka. Ine ndikadayenda wapansi mpaka ku Tsangano sabata ndi sabata kukupatsirani chakudya, ndiwo zake zothyola m'dimba la bambo anga. Ndikadauza aliyense panjira kuti ndikupita kukaona mwamuna wanga, munthu amene adalakwa koma adanena zoona. Mukadatuluka mukadapeza nyumba, mukadapeza mkazi, mukadapeza dimba."

"Tsono pano?"

"Pano simudamangidwe. Pitani kulikonse mufuna. Mukafika kunyumba musenze matumba anu aja, mukakwere nawo shapa ya ku Macanga. Mwati adakupatsani ndi abale anu, kawabwezereni."

"Mukundisudzula chifukwa cha kachitsulo?"

Ernestina adamufulatira. Adamanga chitenje chake chakale m'chiuno, n'kutola ndowa imene idali m'ngalande. Mbatatesi zidatsala ndi mwezi umodzi kuti zikhwime, ndipo tsiku limenelo zidali zisadamwe madzi. Adakwera kukasupe, n'kuima pambali kudikira kuti anyamata a Silvestre amalize kukhoma chikhomo chawo, kenako adawapempha kuti atungeko.